Amene anayenda kunja atifotokozere okha, kanema ali pakhoma

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa tsamba lanu za mwambo wina umene anthu a ku America ndi ku Ulaya akhala nawo kwa zaka zoposa 100, umene ndikuona kuti ife kuno tikuusowa kuposa eni akewo. Mwambo wake ndi uwu: munthu amene wayenda dziko lina amabwera ndi kanema amene wajambula yekha, n'kuima pamaso pa anthu mu holo, kanema akuoneka pansalu, iye n'kumafotokoza ndi pakamwa pake mmene anthu akumeneko amakhalira, zimene amadya, mmene amakwatirana, mmene amaikira maliro. Akamaliza, anthu amafunsa mafunso, iye n'kuyankha pomwepo.

Amene anatchukitsa kwambiri ntchitoyi ndi Burton Holmes wa ku Chicago, yemwe anabadwa mu 1870. Mu 1893 anaima pagulu kufotokoza za ulendo wake wa ku Japan. Ankaonetsa zithunzi za pagalasi zimene ankaziwalitsa ndi nyali kuti zioneke zazikulu pansalu. Zithunzizo zinkatuluka zakuda ndi zoyera, ndiye panali amisiri ozipaka utoto ndi kaburashi kakang'ono, chimodzichimodzi, mpaka maluwa ndi zovala zioneke mmene zinalili. Mu 1897, kanema atangoyamba kumene padziko, Holmes anayamba kuphatikizamo timakanema tifupitifupi. Kanema wa masiku amenewo analibe mawu, choncho mawu ake anali Holmes yemweyo, atavala suti yakuda, ataima pambali pa nsalu. Chaka ankachigawa pawiri. Nyengo yotentha amakhala ali pa ulendo ndi kamera, nyengo yozizira n'kumazungulira mizinda ya kwawo, mpaka mu holo yotchuka ya Carnegie Hall ku New York. Anakwera sitima yodutsa ku Siberia mu 1901, anajambulanso ngalande ya Panama ikukumbidwa. Ntchitoyi anaigwira zaka zoposa 50, ndipo anamwalira mu 1958.

Wina anganene kuti anthu ankadzaza maholo chifukwa kunalibe wailesi yakanema, komanso kuwoloka nyanja pa sitima kunkadya masiku ambiri ndi ndalama zimene munthu wamba analibe. N'zoona. Koma taonani zimene zinachitika ku France. Mu 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, kunayamba bungwe la Connaissance du Monde, lomwe linkachititsa misonkhano yotereyi mu holo ya Salle Pleyel ku Paris, kenako n'kufalikira m'matauni ang'onoang'ono. Ku Belgium nakonso kunabwera Exploration du Monde mu 1950. Wailesi yakanema italowa m'nyumba iliyonse, mabungwe awa sanafe nthawi yomweyo, anapitirira zaka makumimakumi. Ine ndikuona kuti chimene chinkakoka anthu n'chakuti wojambula kanemayo amakhala ali pompo, munthu woti ungamuyang'ane m'maso n'kumufunsa kuti, "Kodi zimene mwationetsazi n'za tsiku lachikondwerero lokha, kapena ndi mmene amakhalira masiku onse?" Wailesi yakanema sungaifunse funso limeneli. Foninso sungaifunse.

Sindikufuna kuyamikira mwambowu ngati kuti unalibe chilema. Ife Aafirika unatipweteka. M'zaka za m'ma 1920, Martin Johnson ndi mkazi wake Osa, a ku Kansas, anakhala nthawi yaitali ku Kenya, cha ku Marsabit, akujambula makanema amene anakaonetsa m'maholo a ku America. Zimene anthu akumeneko anaona zinali mikango, njovu, zipembere, ndipo munthu wakuda akaoneka pansalu, nthawi zambiri amaoneka ngati wonyamula katundu kapena choseketsa. Mu holomo munalibe munthu wa ku Marsabit woti akweze dzanja n'kunena kuti, "Ayi bambo, si mmene tilili." Mpaka lero pali anthu kunjaku amene amadabwa kumva kuti ku Africa kuli misewu ya phula ndi mayunivesite, ndipo mbali ina ya umbuli umenewo inafesedwa m'maholo omwewo. Choncho nkhani yagona pa amene wagwira kamera, ndi amene ali ndi mwayi womutsutsa.

Zoonetsa zithunzi pansalu si zachilendo kuno kwathu. Mu 1854, David Livingstone atafika kwa mfumu Shinte ya Alunda, kudera limene lero ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, anaonetsa zithunzi ndi nyali yonga ija ya Holmes. Chithunzi choyamba chinali cha Abrahamu atakweza mpeni kuti aphe Isake. Pamene ankachisuntha kuti aike china, mpeni uja unaoneka ngati ukulunjika kwa amayi amene anakhala mbali imeneyo, ndipo anathawa akukuwa. Mfumu yokha inakhala osatekeseka, kenako inapita kukayang'anitsitsa chipangizocho kuti ione mmene chimagwirira ntchito. Kuyambira 1935 mpaka 1937, gulu la Bantu Educational Kinema Experiment linayenda ndi lole yonyamula makanema ku Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland. Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury (lero Harare), yomwe inkapangira makanema mayiko atatu aja amene pambuyo pake anamangidwa m'chitaganya. Titalandira ufulu, magalimoto a boma anapitiriza kufika m'midzi madzulo, kumanga nsalu pabwalo la sukulu. Achikulire anzanga akukumbukira. Koma makanema ambiri amene tinkaonetsedwa anali otilangiza: limani chonchi, kumbani chimbudzi, sungani ndalama ku positi. Woonetsa amabwera, n'kuonetsa, n'kumapita. Za mmene mlimi wa ku India kapena msodzi wa ku Japan amakhalira, panalibe wotiuza. Ndipo musaiwale kuti wailesi yakanema kuno inayamba mu 1999.

Nanga lero mwana wa ku Ntaja kapena ku Jenda amadziwira kuti za mayiko akunja? Amadziwira mu vidiyo sho pamsika, m'kachipinda ka malata kamdima, atapanikizana pabenchi, akuonera makanema a nkhonya ndi mfuti omasuliridwa m'Chichewa. Amadziwira pa TikTok ndi pa Facebook, pamene mnzake wa ku Joni wadzijambulitsa atatsamira galimoto ya abwana ake. Amadziwiranso kwa munthu wolemba anthu ntchito zakunja, amene phindu lake lili pakuti mwanayo akhulupirire. Zotsatira zake tikuziona. Mu 2024 a BBC anaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anathandizidwa kubwerera kuchokera ku Oman, kumene anakagwa m'ukapolo wa ntchito za m'nyumba. Anapita osadziwa kuti kumeneko chilolezo chokhalira m'dziko chimamangika kwa bwana amene wakulemba, moti kumusiya n'kovuta kwambiri, ndiponso kuti mabwana ena amalanda pasipoti tsiku lomwe wafika. Mu November 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kupita ku minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati. Sindikunena kuti asamapite. Anthu athu akhala akupita kunja kuyambira nthawi ya Wenela ndi Theba, ndipo adzapitabe. Ndikunena kuti azipita akudziwa kumene akupita.

Chimene chandilimbitsa mtima kulemba kalatayi ndi zimene ndinaona pakhomo pa mlongo wanga. Mwana wake anabwera kuchokera ku Joni kudzapuma pa Khirisimasi. Madzulo ena anatulutsa foni n'kuyamba kutionetsa timakanema take. Anationetsa chipinda chimene amagona anthu anayi, matiresi awiri pansi, sitovu ya parafini pafupi ndi chitseko, zovala zitapachikidwa pa msomali. Anationetsa mzere wa anthu akudikira minibasi kunja kusanache, aliyense atavala jekete ndi chipewa chifukwa cha chisanu cha mu June, komanso mmene amaimitsira minibasiyo ndi zala, chizindikiro chilichonse chili ndi kolowera kwake. Anationetsanso maliro a mnzake wa Chizulu, mmene amakonzera tenti ndi chakudya. Posakhalitsa pakhonde panadzaza, anthu akuunjirira kafoni kamodzi, mafunso ali mbwee. "Lendi mumalipira zingati?" "Ukadwala umapita kuti ngati mapepala ako atha?" "Apolisi akakugwira amakutani?" Agogo ena anangofuna kudziwa ngati ufa wakumeneko umaphika nsima yogwirika bwino m'manja. Mnyamata uja anayankha zonse mosabisa, chifukwa panali anzake awiri amene anakhalako, oti akanamutsutsa akananama. Anyamata amene amalota za Joni anachoka atamva zimene sakanazipeza pa intaneti.

Ndiye ndikufunsa kuti, chimatiletsa n'chiyani kuchita zimenezi mwadongosolo? Anthu oyenda tili nawo ambiri. Tili ndi madalaivala a mathiraki amene amadutsa pa Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge mpaka ku Durban, ena ku Beira ndi ku Dar es Salaam. Tili ndi amayi a geni amene amakapikula katundu ku Guangzhou ndi ku Dubai, anamwino amene akugwira ntchito ku Britain, asilikali amene anakasungitsa mtendere ku Congo, Asilamu amene anakachita Hajj ku Makka, ophunzira amene abwera kuchokera ku India, China ndi Japan. Pafupifupi aliyense wa iwowa ali ndi makanema mu foni yake amene amangoonetsa abale ake okha. Malo tili nawonso: maholo a masukulu a sekondale, ma TDC (malo a maphunziro a aphunzitsi), maholo a matchalitchi, malaibulale, ngakhale vidiyo sho yomwe ija masana isanayambe makanema ake. Chofunika ndi pulojekita, nsalu yoyera, sipika ndi batire la sola kuti magetsi akathima zinthu zisaime. Mabungwe ambiri ali nazo kale zipangizozi, zimangokhala m'kabati kudikira tsiku la wekishopu.

Pali zinthu ziwiri zimene ndingapemphe aliyense amene angayambitse izi. Choyamba, wofotokozayo asabwere kudzadzitama, komanso asabwere kudzaopseza. Aonetse msika, khitchini, sukulu ya ana, malo opemphererako, mtengo wa buledi ndi wa basi. Ngati anaona zabwino, monga mmene ana a sukulu ku Japan amasesera ndi kukolopa makalasi awo okha, anene. Ngati anasalidwa chifukwa cha khungu lake, anenenso. Ndipo nthawi ya mafunso ikhale yaitali ngati ya kanemayo, pakhalenso wina amene anafikako kudziko lomwelo. Chachiwiri, tisachitire anzathu zimene a Johnson anatichitira. Kujambula munthu wosauka wa ku Mumbai osamupempha, n'kudzamuseka kuno ku Lilongwe, ndi tchimo lomwe lija. Miyambo ya eni ake ifotokozedwe mwaulemu, monga mmene ifenso timafunira kuti mlendo afotokoze za Gule Wamkulu kapena chinamwali akabwerera kwawo.

Ena adzati anthu sangalipire kuti akamve munthu akulankhula. Mwina poyamba sangalipire, ndiye tiyambe mwaulere. Aphunzitsi a jogalafe ndi Social Studies ndi amene ali poyambira pabwino, chifukwa ana awo amaloweza mayina a mizinda ya kunja popanda kuonapo msewu wake ngakhale umodzi. Mphunzitsi wamkulu angathe kuitana kholo limodzi loyenda pa teremu, Lachisanu masana, makolo enanso n'kuloledwa kulowa. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo m'maboma amene achinyamata amachoka kwambiri, monga Mangochi ndi Mzimba, angachite chimodzimodzi mwezi wa December pamene a ku Joni abwera kumudzi.

Kwa inu a Mkonzi, pempho langa ndi lakuti sukulu kapena mpingo ukakonza madzulo otere, muziulengeza pa tsamba lanu popanda kulipiritsa, ndipo mutumizeko mtolankhani akamve mafunso amene anthu akufunsa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Balaka