Kalata yopita ku Joni: za Flames, Scorchers ndi jombo za mwana wanga

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako yafika Lachiwiri, mlamu wako ndiye anakaitenga kwa dalaivala uja. Mankhwala a amayi nawonso afika, zikomo. Koma ndaseka mpaka misozi pamene wadandaula kuti anzako a kuntchito akumakufunsa ngati ku Malawi kuno mpira timaudziwa. Iwe amene unkaloweza mayina a osewera kuposa masamu a aphunzitsi aja, wasowa choyankha? Joni yakudya mutu, aise.

Tenga cholembera ndikuthandize. Flames yapita ku mpikisano waukulu wa Africa katatu kokha: 1984 ku Côte d'Ivoire, 2010 ku Angola, ndi uja wa ku Cameroon womwe unaseweredwa mu Januwale 2022. Nambala imeneyi usawauze, akuseka. Uwauze za Algeria. Zigoli 3 kwa duu ku Luanda, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, kochi wathu a Kinnah Phiri ataima m'mbali mwa bwalo. Ndipo Algeria yake inali yoti chaka chomwecho ikubwera ku World Cup kwanuko! Ukukumbuka mmene tinathamangira mumsewu tsiku lija, iwe nsapato imodzi itatsala mu ngalande? Zoti kenako Angola inatiswa 2-0 ndipo Mali 3-1, zimenezo ndi za m'nyumba, sitiuza alendo.

Akalimbikira, uwaonetse chigoli cha Gabadinho Mhango chomwe anachinya Morocco ali kutali ngati akuponya mwala kutsidya kwa mtsinje. Amamudziwa, wasewera kwawoko zaka zambiri. Tinagonja 2-1, inde, koma kanali koyamba kutuluka mu gulu, titathambitsa Zimbabwe 2-1 n'kulepherana ndi Senegal 0-0. Penate ija woyimbira anatipatsa tsiku la Senegal kenako n'kutilanda atakayang'ana pa kanema, ine mpaka lero sindinamukhululukire. Senegal yomweyo ndiyo inatenga chikho. Bambo aang'ono akangomva izi amayamba za 1978, 1979 ndi 1988, pamene tinkatenga chikho cha CECAFA, cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, ndi za zigoli 71 za a Kinnah, ndipo sasiya mpaka nsima itazizira.

Tsopano ndikukumbutse mawu ako. Si iwe unkati mpira wa akazi ndi kutaya nthawi? Meza malovu. Scorchers inafika mu fainolo ya COSAFA mu 2021, Tanzania n'kutipweteka 1-0. Mu 2023 anabwerera, anamenya Zambia 2-1, chikho n'kubwera kuno, ndipo anachitengera kwanu komweko ku Pretoria. Amuna chikho cha COSAFA anangochinunkhiza, fainolo ya 2002 ndi ya 2003, basi. Ndiye mu Okutobala 2025 atsikanawa anagwetsa Angola 2-0 pa bwalo la Bingu, n'kupeza malo ku mpikisano wa Africa koyamba. Anzakowo uwafunse ngati amudziwa Temwa Chawinga, amene anachinya zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City, kapena mkulu wake Tabitha, amene anachinya zambiri kuposa aliyense ku Italy ali ku Inter Milan, n'kukachitanso chimodzimodzi ku France. Ana a ku Rumphi amenewo.

Koma apa ndiye pali vuto langa. Chisamba changa chija, chomwe unachisiya chikukwawa, tsopano chikuti dzina lake ndi Temwa. Ukachiitana dzina lomwe tinachipatsa sichiyankha. Mpira wa chikulunga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, majumbo onse a m'nyumba atha, ngakhale lija mlamu wako amasungiramo makadi a kuchipatala. Galasi la zenera la anansi aja linapita sabata yatha, ndalipira ine. Nkhuku yanga yaikazi ikutsimphina, akuti inali goloboyi. Pano akufuna jombo. Jombo, aise! Ndinapita pa kaunjika, mtengo wake ndinangoseka n'kubwerera. Akuti nsapato za kusukulu zimamulepheretsa kupinda mpira, ndipo zatha kale kutsogolo, zala zili panja. Usiku ndimagona ndikuwerengera: jombo zikabwera afuna masokosi, masokosi akabwera afuna yunifomu, kenako thiransipoti ya ku Lilongwe, kenako ndigulitse malata. Agogo ake akuti mwana wamkazi wothamanga chonchi sadzakwatiwa, iye akuwayankha kuti adzawagulira galimoto. Ine ndili pakati ngati woyimbira wopanda wezulo. Ngati kumeneko jombo za saizi 4 zikupezeka, ngakhale zakutha, undiganizire. Ndi iwe unayambitsa, unamugulira kampira kofiira kaja.

Amayi sakupeza bwino kwenikweni, ndisakunamize. Miyendo yatupanso, ndipo masiku ena sandizindikira. Tsiku la Scorchers ndi Angola lija magetsi anazima, tinamvera pa wailesi ya mabatire, iwo ali gone pamphasa. Chigoli chachiwiri chitalowa anafunsa ngati iwe uli panja ndi anzako. Ndinangoti eya. Mpando wako uja pakhonde palibe amaukhalira, mwendo wake umodzi unathyoka koma ndikukanika kuuwaza nkhuni.

Ukwati wa mlongo wako wasunthidwanso, nkhani yake ndi yaitali. Mvula sinayambe, feteleza sitinagule.

Za jombo zija, zikhale za mapini apulasitiki, pabwalo la kusukulu m'pouma. Ndipo anzakowo akayambanso, usaiwale kuwauza kuti Bafana yawo nayonso... pepala latha, ndipo ndikumva galasi lina kuseli