Kalata kwa mnzanga wolirira Everton

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg kumeneko. Kuno ku Zomba chisanu chotsika m'phiri chatikhalitsa pa mbaula. Mayi ako ndinakumana nawo ku Mpondabwino akugula matemba, ali bwino ndithu, akungodandaula kuti suimba foni.

Loweruka kunabuka mkangano ku Chinamwali, kuja timaonera mpira, ndipo ndinakukumbuka poti mpaka lero sunaleke kulirira mapointi a Everton yako. Mnyamata wina amati chilango chija chinali choyenera. Lamulo linkati timu ya mu Premier League isaluze ndalama zoposa mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu. Everton inadumpha malirewo, mu November 2023 anailanda mapointi 10, itachita apilo anatsitsa kufika pa 6. Pamenepo sindinamutsutse.

Chimandiwawa ine ndi nthawi imene malamulo oterewa anabwera. Abramovich anagula Chelsea mu 2003, nathira ndalama mmene anafunira. Sheikh Mansour anachita chimodzimodzi ndi Manchester City kuyambira 2008. Awiriwa atawoloka, m'pamene mlatho anauchotsa. Taona Newcastle. Inagulidwa mu 2021 ndi thumba la chuma la boma la Saudi Arabia, ndalama zosawerengeka, koma mu June 2024 inagulitsa mothamanga Elliot Anderson ndi Yankuba Minteh kuti mabuku alingane. Anderson anakulira pomwepo, ndipo n'chifukwa chake anapita: mwana woleredwa pa timu sanagulidwe, ndiye ndalama yonse yomugulitsa imalembedwa ngati phindu. Lamulo lanji logulitsitsa mwana wapakhomo?

UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, nayo imati malipiro ndi zogulira osewera zisapitirire 70 peresenti ya ndalama zimene timu imapeza. Zikumveka zachilungamo, koma zili ngati kuuza mwini holoselo ndi mayi wogulitsa tomato pa benchi kuti aliyense aode molingana ndi zomwe wagulitsa. Mayiyo adzamupeza liti mnzakeyo? Za City ndisayambe n'komwe. Milandu 115 yophwanya malamulo a zachuma anaitsegulira mu February 2023, koma kuyamba kuimva mpaka September 2024, iwe utalira kale.

Komabe aise, usaganize kuti ndikufuna mpira wopanda malamulo. Portsmouth inatenga FA Cup mu 2008, pofika 2010 ngongole zinali zitaimiza. Ndiponso kwathu kuno tikudziwa mmene zimakhalira thumba likamalamula lokha. Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana mpaka 2023, kenako Silver Strikers, yomwe kumbuyo kwake kuli Reserve Bank, inatenga mu 2024. Timu yopanda kampani ikatulutsa mnyamata wothyola bwino, chaka chamawa umamuona atavala yofiira kapena yabuluu ku Blantyre, eni ake akusonkherana ya mafuta opitira ku Karonga. Red Lions yathu ikanapanda kukhala ya asilikali a ku Cobbe Barracks, kaya bwenzi tikuitchulabe.

Mnyamata uja pomaliza anandikumbutsa za Leicester ya 2016, timu yopanda chuma chambiri imene inatenga Premier League. Ndinamufunsa kuti anditchulire ina. Anangoitanitsa Fanta.

Ukamabwera pa Khirisimasi undigulireko jezi ya Orlando Pirates, yaikulu, mimba yakula. Upereke moni kwa alamu ndi ana, ndipo uwaimbire mayi.

Ndine mnzako wa ku Matawale.