Dandaulo langa pa zithunzi za ukwati zomwe simunatipatsebe

Kwa Mwini Situdiyo Yojambula Zithunzi,
Mangochi Boma.

Bwana,

Ndalemba kalatayi chifukwa foni zanga munasiya kuyankha, ndipo tsiku limene yayankhidwa ndimangomva mnyamata wanu akuti abwana achokapo. Dzina langa, tsiku la ukwati wathu ndi ndalama zimene tinalipira zili m'buku lanu, choncho sindibwereza zimenezo. Ukwati tinamanga mu Okutobala. Mvula yagwa mpaka yatha, anthu akukolola, koma ife tilibe alubamu, tilibe vidiyo, tilibe ngakhale felemu imodzi yoti n'kupachika pakhoma.

Ndikukumbutseni mmene munapezera ntchito imeneyi. Komiti ya ukwati inali ndi ojambula atatu oti isankhepo: wina wa ku Zomba, wina mnyamata wa kwa M'baluku yemwe mtengo wake unali wotsika kwambiri, ndiye inuyo. Mtengo wanu ndiwo unali pamwamba, ndipo amalume anga, omwe ndi ankhoswe, poyamba anakana. Koma munabwera nokha pamsonkhano wa komiti, n'kutsegula laputopu, n'kutionetsa maukwati amene munajambula kunyanja. Munanena pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti mudzabwera inu eni ake ndi makamera awiri, kuyambira kunyumba kumene mkwatibwi akuvalira mpaka perekaniperekani atatha, ndipo kuti katundu yense adzatuluka mwezi usanathe. Amalume anati munthu wokhala ndi ofesi pa boma pompano sangatithawe. Ndi mawu amenewo tinakupatsani ntchito, ndipo ndalama yotsala tinaitumiza pa Airtel Money ukwati usanachitike, monga munafunira.

Tsiku la ukwati simunabwere. Kunabwera mnyamata amene sitinamuonepo, pa kabaza, atakoleka kamera imodzi m'khosi. Anafika m'tchalitchi titavekana kale mphete. Popanda manyazi anapita kutsogolo kukanong'oneza abusa kuti tibwereze kuvekanako kuti ajambule. Abusa anakana, ndipo anachita bwino, chifukwa malumbiro si sewero. Ndiye kuti nthawi imene bambo anga amandiperekeza kuguwa, nthawi imene timalumbira, nthawi imene timasaina, palibe chimene chinajambulidwa ndi situdiyo yanu.

Titapita kunyanja, cha ku Makawa, batire la kamera linatha atangojambula pang'ono. Analibe lina. Anatisiya pamchenga n'kupita kukapempha potchajira ku bala ya pa loji. Inu ndinu a konkuno, dzuwa la Okutobala ku Mangochi mumalidziwa. Ine ndili m'diresi lolemera lija, zodzoladzola zikusungunuka kumaso, amuna anga suti yanyowa kumsana, tiana tonyamula maluwa tikulira chifukwa mchenga umatiotcha kumapazi. Ku holo anthu anali atakhala kale akutidikira, MC akuimba foni kufunsa ngati tachita ngozi. Pomaliza mnyamatayo anatulutsa foni yake ya m'thumba, ndipo ndi imeneyo anajambulira kudula keke. Sindikumuimba mlandu mwanayo. Anandiuza yekha, misozi ili lengelenge, kuti anangodzutsidwa m'mawa womwewo kuti apite.

Patapita masiku ochepa tinaona pa tsamba lanu la Facebook chimene chinakulepheretsani. Tsiku lomwelo munali ku Namwera, kujambula ukwati wina, ndi makamera awiri aja ndi droni yomwe. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma pamenepa wovumbwa ndine, amene ndinalipira zonse nthawi isanakwane.

Chimene chimandipweteka koposa ndi agogo anga. Anachokera ku Makanjira pa lole, msewu umene aliyense wa m'boma lino akudziwa kuvuta kwake, ndipo anafika miyendo itatupa. Pa perekaniperekani, nthawi ya akuchikazi itakwana, anadzuka ndi ndodo yawo, n'kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje, n'kutulutsa timapepala ta ndalama timene anasunga pogulitsa usipa wouma. Anavina mpaka holo yonse inaimirira, nthungululu zili pakamwa. Mnyamata wanu nthawi imeneyo anali panja akufunafuna chaja. Agogo ndi okalamba, ulendo ngati umenewo sadzayendanso. Nthawi zonse tikalankhula pa foni ya mdzukulu wawo wina amafunsa kuti, "Chithunzi changa chija chili kuti, ndikufuna ndidzione ndili ndi iwe." Mundiuze inuyo choti ndiziwayankha.

Ine ndimaphunzitsa ku Monkey Bay, mtunda woposa makilomita 60 kuchokera pa boma. Kuti ndifike ku ofesi kwanu ndimayamba ndapempha chilolezo kwa ahedi, n'kusiyira mnzanga ana a sukulu, n'kulipira galimoto kupita ndi kubwera. Ndayenda njira imeneyi mpaka makondakitala akundidziwa. Ulendo uliwonse ndimabwerako ndi nkhani yatsopano: magetsi anazima, kompyuta yalowa vairasi, inki ikuchokera ku Blantyre, amene amakonza vidiyo wapita kumaliro. Tsiku lina munandiuza nokha pa foni kuti ndibwere Lachisanu zonse zakonzeka. Ndinapeza chitseko chili ndi loko, ndinakhala pakhonde la shopu yoyandikana nanu mpaka dzuwa kupendeka, ndipo foni yanu inali yothima. Kenako munayamba kunena kuti ndiwonjezere ndalama chifukwa mapepala osindikizira anakwera kwacha itachepa mphamvu. Bwana, kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife tisanakumane n'komwe. Mtengo umene tinagwirizana munautchula nokha mukudziwa kale zonsezo.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi zimene zinachitika ulendo womaliza. Ndinapeza mtsikana wa pa kauntala akudya chipisi, maso ali pa foni. Ndinamupatsa moni, osayankha. Nditafotokoza chimene ndabwerera, anati, "Mayi, kodi ukwati munapanga nokha m'Mangochi muno? Tili ndi makasitomala ofunika kuposa inu." Ndinamuuza mwaulemu kuti amuna anga anabwerera ku Johannesburg kuntchito asanaone chithunzi chilichonse, ndipo akufunsa. Anaseka, n'kutembenukira kwa anthu amene amadikira zithunzi za pasipoti pabenchi, n'kunena mokweza kuti, "Amuna a ku Joni sachedwa kupeza wina. Mwina zithunzizo zikamatuluka banjalo likhala litatha kale, ndiye mukuvutikiranji?" Anyamata ena pabenchipo anaseka. Mayi wina wachikulire atavala hijabu ndiye anamudzudzula, nati, "Iwe mwana, unaleredwa kuti?" Ine ndinatuluka osanena kanthu, chifukwa ndikanatsegula pakamwa ndikanalankhula mawu osayenera mphunzitsi. Ndinayenda mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi thupi likunjenjemera, osadziwa n'komwe kuti ndalowera kosiyana ndi kokwerera galimoto.

Mtsikana ameneyu banja langa amalidziwira kuti? Ndinakulipirani kuti mundijambule, kapena kuti wantchito wanu azilosera kutha kwa ukwati wanga pagulu? Usiku womwewo ndinakulemberani uthenga pa WhatsApp kukufotokozerani zonsezi. Munawerenga, zizindikiro zinasanduka zabuluu, koma mpaka lero simunapepese.

Zimene ndili nazo kuchokera kwa inu ndi tizithunzi tochepa tomwe munatumiza pa WhatsApp, tosaoneka bwino, dzina la situdiyo yanu litadutsa pankhope pathu, moti sitingasindikize kwina. Komabe chithunzi chimodzi chimene chinatuluka bwino, chija tili pafupi ndi bwato, munachiika pa Facebook n'kumaitanira nacho makasitomala. Palibe anatipempha. Anzanga akundiimbira foni kuti zithunzi zanu n'zokongola, pamene mwiniwakene ndilibe.

Tsono zimene ndikufuna ndi izi. Mundipatse pa fulashi zonse zimene zinajambulidwa tsiku limenelo, za m'kamera ndi za m'foni ya mnyamata uja, zopanda dzina lanu, kaya n'zokonza kaya n'zosakonza. Ndikasindikiza kwina. Mundibwezere ndalama ya alubamu, ya mafelemu, ya vidiyo ndi ya kamera yachiwiri imene sinabwere. Chithunzi chathu muchichotse pa tsamba lanu lero lomwe. Ndipo mtsikana uja apepese pamaso panga, inu mulipo.

Ndikukupatsani masabata awiri kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi. Akatha, ndikasiya dandaulo ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limamva madandaulo a ogula, ndipo amalume akonzeka kukasuma kukhoti la majisitireti pa boma pompo. Mauthenga a Airtel Money ndinasunga, mauthenga anu a pa WhatsApp ndinasunga, ndipo a komiti onse amene anamva lonjezo lanu ali moyo. Mng'ono wanga akumanga ukwati chaka chino, ndipo komiti yake yapangana kale ndi wojambula wina. Aphunzitsi anzanga ndi amayi a kumpingo akandifunsa za situdiyo yanu, ndiziwauza zimene ndalemba munomu, osachotsera kapena kuwonjezera.

Nambala yanga muli nayo. Muimbe inu eni ake, musatume mnyamata, ndipo musandiitanenso ku boma katundu asanakonzeke.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
wa ku Monkey Bay.