Odwala matenda a ubongo akusowa njira yofikira kwa akatswiri

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya chithandizo cha akatswiri kwa anthu odwala matenda a ubongo, msana ndi mitsempha, makamaka a khunyu ndi sitiroko. Nkhaniyi imamveka pa tsiku lotsegulira nyumba yatsopano kapena lolandira makina ochokera kunja, kenako imazilala mpaka padzachitike mwambo wina. Ine sindine dokotala. Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo zomwe ndikudziwa ndaziphunzira pa benchi la kuchipatala, pomwe ndakhala ndikuperekeza mdzukulu wanga kwa zaka 6 tsopano.

Mwanayu anadwala malungo a mu ubongo ali ndi zaka 4. Anakomoka kwa masiku atatu, ndipo atatsitsimuka tinathokoza Mulungu n'kubwerera kumudzi tili ndi chikhulupiriro choti zatha, pakuti palibe amene anatiuza kuti tiziyang'anira china chilichonse. Patapita miyezi 8, m'mawa wina wozizira wa mwezi wa Juni, akuwotha moto pafupi ndi mafuwa pomwe mayi ake ankaphika phala, anangouma thupi lonse, maso n'kutembenuzika, n'kugwera pamoto. Mayi ake anamukoka msanga, koma dzanja lamanja linali litapsa kale, moti mpaka lero zala ziwiri sizitambasuka bwino ndipo pensulo amagwirira kumanzere. Anthu amene anathamangira kudzaona anaima patali. Wina ankakalipira ana ake kuti asayandikire poopa thovu lotuluka mkamwa, wina ankafunafuna supuni yoti amulumitse, ndipo azakhali ena ananena poyera kuti wakhunyu akapsa ndi moto ndiye kuti sadzachiranso. Ine ndemwe, munthu woti ndinaphunzitsa sayansi ku pulayimale kwa zaka zambiri, sindinkadziwa kuti choyenera n'kungomuchotsa pangozi, kumugoneka cham'mbali, osamuyika kanthu mkamwa, ndi kuthamanga naye kuchipatala ngati kugwako kwapitirira mphindi 5.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anatipatsa kalata yopita nayo kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko anatiuza kuti tizibwera pa tsiku la odwala matenda a maganizo. Umu ndi momwe zilili m'zipatala zambiri za dziko lino: odwala khunyu amaonedwa ndi anamwino a matenda a maganizo, pa mzere umodzi ndi anthu omwe mitu yawo yasokonekera. Sindikunyoza odwala enawo, omwe akuyenera ulemu ngati wina aliyense, ndiponso sindikudzudzula anamwinowa, pakuti popanda iwo sipakanakhala n'komwe woona odwala khunyu m'maboma. Koma khunyu ndi vuto la kayendedwe ka mphamvu ya magetsi mu ubongo, ndipo wodwala wake kugwako kukatha amakhala ndi nzeru zake zonse. Kuphatikiza matenda awiriwa pa khomo limodzi kwalimbikitsa maganizo olakwika oti wakhunyu ndi wamisala. Mkamwini wanga anakana kwa miyezi ingapo kuti mwana wake azipita "kwa amisala", ndipo m'miyezi imeneyo mwana anatemedwa mphini pamphumi ndi kumwetsedwa mizu yomwe inangomutsegula m'mimba.

Titayamba mankhwala a phenobarbitone, kugwa kunachepa koma sikunathe, ndipo mwana ankangosinza m'kalasi. Miyezi ina tinkapeza mankhwalawo kulibe, n'kupatsidwa carbamazepine m'malo mwake. Miyezi ina kunalibiretu onse awiri, ndipo tinkauzidwa kuti tikagule tokha. Aliyense wosamalira wodwala khunyu amadziwa kuti kusiya mankhwalawa mwadzidzidzi kumadzutsa kugwa koopsa kuposa koyamba, komwe nthawi zina sikuleka kokha ndipo kumatha kupha. Zinatitengera zaka zitatu kuti tifike pamaso pa dokotala wodziwa bwino za ubongo wa ana, pachipatala china chachikulu cha mumzinda, titagulitsa mbuzi ziwiri kuti tipeze thiransipoti ndi chakudya cha kugadiyani. Dokotalayo anakhala nafe mphindi zosapitirira 20. Anafunsa mayi a mwana kuti afotokoze momwe kugwako kumayambira, ngati ndi mbali imodzi ya thupi kapena zonse, anaonera kanema yemwe mwana wanga anajambula pa foni tsiku lina mdzukulu wangayo akugwa, kenako anamukweza pa sikelo. Atayang'ana m'buku la kuchipatala anapukusa mutu n'kunena kuti, "Agogo, mwanayu wakula, koma mlingo wa mankhwala ukadali wa mwana wa zaka 5." Anasintha mtundu wa mankhwala ndi mlingo wake, ndipo kuchokera tsikulo mwana yemwe ankagwa kangapo pa mwezi amatha miyezi 5 kapena 6 osagwa. Panalibe opaleshoni kapena makina okwera mtengo ayi. Chomwe tinachisowa kwa zaka zitatu chinali munthu wophunzira bwino ntchito imeneyi komanso njira yomufikira.

Chondipweteka kwambiri, Akonzi, n'chakuti pa nkhani ya malungo a mu ubongo dziko lino ndi lomwe laphunzitsa maiko ena. Muyeso womwe madokotala m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito poona kukula kwa kukomoka kwa mwana wodwala malungo umatchedwa Blantyre Coma Scale, chifukwa unakonzedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor pamodzi ndi anzawo, ndipo unafalitsidwa m'chaka cha 1989. Makina oyamba ojambula m'kati mwa thupi a MRI m'dziko muno anaikidwa pa chipatala chomwecho m'chaka cha 2008, ndipo ndi makina amenewa omwe anathandiza ofufuza kuonetsa, m'chaka cha 2015, kuti ana ambiri omwalira ndi malungo amtunduwu amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza malo olamulira kupuma. Kafukufuku wina wa ku Blantyre konko, yemwe zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2010, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse opulumuka ku malungo a mu ubongo amatsala ndi khunyu kapena vuto lina la ubongo. Ngati zonsezi zinadziwika kuchokera kwa ana athu omwe, n'chifukwa chiyani mwana wotere amatulutsidwa m'wadi popanda tsiku loti adzaonedwenso, ndipo makolo ake sauzidwa zizindikiro zoti aziyang'anira? Kulemba mzere umodzi m'buku la kuchipatala, woti mwanayu abwerenso pakatha miyezi 3, sikufuna thandizo la maiko akunja.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, kuti pafupifupi 80 mwa 100 alionse a iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, komanso kuti mpaka 70 mwa 100 alionse akhoza kusiyiratu kugwa atapimidwa bwino ndi kulandira mankhwala oyenera. M'chaka cha 2022 maiko a m'bungweli anavomereza ndondomeko ya zaka 10 yolimbana ndi khunyu ndi matenda ena a ubongo, ndipo chimodzi mwa zolinga zake n'chakuti pofika 2031 dziko lililonse lidzakhale litawonjezera ndi theka chiwerengero cha odwala khunyu ofikiridwa ndi chithandizo. Kwathu kuno zoyambitsa khunyu sizisowa: malungo, matenda oumitsa khosi, kubanika kwa mwana pobadwa, tiana ta njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba tomwe timakakhazikika mu ubongo, ndiponso kuvulala m'mutu, komwe kwachuluka chibwerereni njinga zamoto za kabaza zomwe okwera ake ambiri savala chipewa.

Ndingakhale wosayamika nditapanda kuvomereza zomwe zachitika. Ku Queen Elizabeth kuli madokotala a Chimalawi ochita opaleshoni ya ubongo, ndipo ana obadwa ndi vuto lodzadza madzi m'mutu, omwe kale ankangobisidwa m'nyumba mutu ukukulirakulira, tsopano amathandizidwa. Chipatala cha ana cha Mercy James chinatsegulidwa pamalo omwewo m'chaka cha 2017 ndipo chili ndi chipinda cha ana odwala mwakayakaya. Ku Lilongwe, pambali pa chipatala chachikulu cha Kamuzu, kunatsegulidwa chipatala cha LION m'chaka cha 2023 choona za mafupa ndi opaleshoni ya ubongo ndi msana. Izi ndi zazikulu ndithu. Komabe pali kusiyana komwe akuluakulu okonza mapulani amaoneka kuti amakuiwala, pakati pa dokotala wong'amba mutu ndi dokotala wopima ndi kuchiza matenda a ubongo ndi mankhwala. Odwala ambiri a khunyu, a sitiroko, a matenda onjenjemeretsa manja pa ukalamba, ndi a dzanzi ndi kutentha kwa mapazi komwe kumavuta anthu a shuga ndi a HIV, safunika mpeni ayi. Amafunika dokotala wamtundu wachiwiriwu, ndipo madokotala otere m'dziko lino, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 17 miliyoni, ndi ochepa kwambiri ndipo onse ali m'mizinda ikuluikulu.

Anzathu a ku Zambia anali m'vuto lomweli, koma m'chaka cha 2018 anayamba kuphunzitsa okha madokotala a matenda a ubongo pa chipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo lero ali ndi madokotala awoawo omwe akuphunzitsanso ena. Ife tili ndi sukulu ya udokotala kuyambira 1991, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo yatulutsa kale akatswiri a matenda a ana, a amayi ndi a opaleshoni. Sindikuona chomwe chingatilepheretse kuchita zomwe anachita anzathuwa, mwinanso mogwirizana nawo, popeza Lusaka sikutali ngati India komwe boma limatumiza odwala ochepa amwayi pa ndalama zambiri za misonkho yathu. Koma ngakhale maphunzirowo atayamba mawa, dokotala woyamba adzatuluka patapita zaka zingapo, choncho pakadali pano nzeru za akatswiri ochepa omwe alipo ziyenera kutsika kufika kwa makiliniko ofesa ndi anamwino a m'maboma, omwe ndiwo amaona odwala ambiri. Katswiri atamapita ku chipatala cha boma kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, n'kukhala pambali pa namwino tsiku lonse akuona odwala limodzi, namwinoyo sangadzaiwalenso kukweza mwana pa sikelo. Ndipo ngati kanema wa pa foni anathandiza dokotala wathu uja kudziwa mtundu wa kugwa, palibe chifukwa choti banja ligulitsire mbuzi kuti likaonetse kanemayo pamaso. Namwino akhoza kumutumiza kwa katswiri ndi kulandira malangizo tsiku lomwelo, malinga unduna utakhazikitsa dongosolo lake.

Pa nkhani ya sitiroko ndinena mwachidule, ngakhale kuti yatha anzanga ambiri omwe ndinkaphunzitsa nawo. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi WHO wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Sitiroko ili mitundu iwiri: wina mtsempha wa mu ubongo umatsekeka, wina umaphulika magazi n'kukhuthukira mkati. Kunja zizindikiro zimafanana, pakamwa kupotoka, mkono kulefuka, mawu kusamveka, koma mankhwala othandiza mtundu woyamba akhoza kupha wodwala mtundu wachiwiri, ndipo chosiyanitsa chodalirika ndi makina a CT ojambula m'mutu. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene wafa ziwalo usiku ali kutali bwanji ndi makina otere, nanga akafika n'kupeza kuti ndi owonongeka ndipo wokonza akudikiridwa kuchokera kunja? Pogula makina, boma lizigulira limodzi mgwirizano wowakonza ndi kuphunzitsa amisiri a kuno. Ndipo wopulumuka amafunika mafizo kwa miyezi yambiri, pomwe malo ngati Kachere ku Blantyre sangakwanire dziko lonse.

Ndikudziwa yankho lomwe lidzabwere, loti ndalama ndi zochepa ndipo malungo, chifuwa chachikulu ndi uchembere zikudikiranso. Atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza ku Abuja m'chaka cha 2001 kuti azipereka K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo aphungu athu ali ndi ufulu wofunsa chaka chilichonse kuti tili pati. Komanso phenobarbitone ndi amodzi mwa mankhwala otsika mtengo kwambiri omwe chipatala chingagule, moti kusowa kwake m'mafamase a boma sikungafotokozedwe ndi umphawi wokha. Ndi nkhani ya kuwerengera odwala ndi kuitanitsa pa nthawi yake. Pempho langa kwa a unduna wa zaumoyo ndi loti atiuze kudzera m'nyuzipepala yomwe ino kuti ndi madokotala angati a matenda a ubongo omwe akuphunzitsidwa pakadali pano, kuti ndi zipatala ziti za m'maboma zomwe katswiri amafikako, komanso kuti ndi liti pomwe odwala khunyu adzakhale ndi tsiku lawolawo la kiliniki. Mdzukulu wanga akuyenera kukaonedwanso mumzinda mwezi wa Okutobala, chifukwa wakulanso ndipo mlingo uja uyenera kuunikidwa, koma m'khola mwatsala mbuzi imodzi.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Chigawo cha Pakati.