Khansala tikumusankha mwachimbulimbuli

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za mavoti a pa 16 Sepitembala 2025, osati za amene anawina ayi, izo zinatha kale, koma za pepala lija la khansala lomwe ambiri mu Blantyre muno timangochonga ngati tikuthawa mvula.

Ine ndinavotera pasukulu ya pulayimale ya kwathu kuno, malo anatsegulidwa 6 koloko m'mawa koma mzere unali utayamba kale kudakali mdima, amayi ndi ana kumbuyo, achinyamata a kabaza atayimika njinga kumpanda, agogo akuwalowetsa kutsogolo popanda wodandaula, zinali bwino ndithu. Kuonetsa kachiphaso, kuyang'ana dzina m'kaundula, inki pachala, mapepala atatu, basi. Koma pamzere ponse paja nkhani inali ya pulezidenti yekhayekha, mafuta kusowa, mtengo wa chimanga, shuga, mwina apa ndi apo wina n'kutchulako za MP. Mayi wina kutsogolo kwanga anandifunsa motsitsa mawu kuti achimwene, kodi pa ukhansala akuyimira ndani kuno? Anthu tonse tinali pafupi palibe anatchula mayina opitirira awiri, mnyamata wina anangoti mayi musavutike, yang'anani chizindikiro cha chipani basi.

Apa ndiye pamene pakundiwawa. Pulezidenti sabwera kudzaona ngalande yotsekeka ku Ndirande kapena ku Mbayani, zinyalala zomwe zimadzadza mu mtsinje wa Mudi, zimbudzi za mumsika, kamlatho ka ku Bangwe kakakokoloka nthawi ya dzinja, zonsezi ndi za khonsolo ndipo amene amakakhala kumeneko m'malo mwathu ndi khansala. Ngakhale meya wa mzinda uno sitimusankha ife, amasankhana okhaokha makhansala omwewo tinawachonga osawadziwa nkhope aja.

Komanso tisaiwale kuti dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, zaka zonsezo mabwana a m'maofesi ankangoyendetsa okha popanda wowafunsa, ndiye mpandowu unachita kubwerera movutikira. Pano mawodi alipo 509 dziko lonse, si masewera amenewo.

Pempho langa kwa a bungwe loyendetsa zisankho la MEC, a bungwe lophunzitsa anthu za zisankho la NICE ndi mawayilesi athu ndi loti ulendo wina mtsutso usamangokhala wa ofuna upulezidenti m'mahotela, tiitanireni ofuna ukhansalawa pabwalo la sukulu pomwepo timavoterapo tiwafunse maso ndi maso. Ndipo inu a nyuzi, mungatisindikizireko mayina ndi nkhope zawo wodi ndi wodi kusanafike tsikulo, chifukwa mapositala awo amamatidwa pamitengo ya magetsi usiku, kukacha ena amata kale a pulezidenti pamwamba pake.

Wanu wowerenga,
Nzika ya ku Ndirande, Blantyre