Kusintha kwa inshuwalansi yathu ndi kagwiridwe ka mapulani a maboti

Kwa makasitomala athu onse, eni maboti ndi amisiri okhoma maboti,

Tikukudziwitsani kuti kuyambira pa 1 mwezi wamawa tisintha kagwiridwe kathu ka ntchito, potsatira mfundo zatsopano zomwe tagwirizana ndi kampani yomwe imatipatsa inshuwalansi.

Inshuwalansi imeneyi si ya boti lanu ayi. Ndi ya ife ojambula mapulani. Imalipira chipukutamisozi ndi maloya zikapezeka kuti tinaphonya masamu kapena pulani, boti n'kutembenuzika kapena kung'ambika chifukwa cha kusasamala kwathuko. Thabwa lofumbwa, kuwotcherera kosagwira, kapena kukweza anthu 40 m'boti la anthu 25, zimenezo siikhudzidwa nazo. Pamenepo mwini boti afunika inshuwalansi yakeyake ya boti ndi ya okwera.

Chachikulu n'chakuti chilichonse chosintha pa pulani chizilembedwa, inu ndi ife n'kusainirana, mmisiri asanagwire nyundo. Kukambirana pafoni kapena padoko sikuziwerengedwanso. Tikudziwa kuti zikuchedwetsani, koma zoonjezera zooneka zazing'onozi n'zimene zimagwetsa boti labwino. Mukachotsa injini ya mphamvu ya 15 horsepower n'kuikapo ya 40, kulemera kwa injini kumafika pafupifupi kawiri. Kumbuyo kumatitimira, thabwa lomangirapo injini limayamba kulekana ndi nthiti, ndipo funde lochokera kumbuyo limalowa mosavuta. Denga nalonso: mukalikhoma kuti muziikapo matumba a usipa ndi njinga, kulemera kumakwera m'mwamba, ndiye boti likapendama limachedwa kudzuka. Pa bata simuona kanthu. Mudzaona Mwera ukakuntha, mu June ndi July muja, madzi olowa m'kati akuthamangira mbali yomwe boti lapendamira n'kulikanikiza komweko. Chosintha chomwe sitinasainire, inshuwalansi sidzachiyankhira.

Komanso boti lililonse lokhomedwa ndi pulani yathu tiziliyesa pamadzi lisanayambe ntchito. Timasankha m'mawa kuli bata, timakapa madzi onse m'kati, n'kupachika chingwe chokhala ndi mtovu pakati pa boti. Kenako timasuntha zolemera zoyezedwa kale kuchoka mbali ina kupita ina, n'kulemba mmene chingwe chapatukira. Apa m'pamene timadziwa katundu ndi anthu oyenera, powerengera makilogalamu 75 pa munthu mmodzi, ndipo timapaka mzere womwe madzi asamapitirire. Kuyesaku sikulowa m'malo mwa kuyendera kwa akuluakulu a boma oona za pamadzi. Chiphaso chawo muzikatengabe.

Obwera ndi mapulani a maboti a kunyanja ya mchere, monga a ku Beira kapena ku Dar es Salaam, tiziwawerengera masamu mwatsopano. Madzi a mchere amalemera makilogalamu pafupifupi 1,025 pa malita 1,000, pomwe a m'nyanja yathu ndi 1,000, choncho boti lomwelo limatitimira pang'ono likafika kuno.

Mukaona mng'alu, kupendama kwachilendo kapena china chomwe mukuganiza kuti chachokera ku pulani, tiuzeni polemba pasanathe masiku 14. Jambulani zithunzi, ndipo musakonze kapena kutaya chothyokacho tisanachione, pokhapokha ngati moyo wa anthu uli pachiswe. Changu chikufunika chifukwa inshuwalansi ya mtunduwu imayang'ana chaka chomwe dandaulo laperekedwa, osati chaka chomwe pulani inajambulidwa, ndipo tikachedwa kudziwitsa kampaniyo ikhoza kukana kulipira. Komanso a inshuwalansiwo satilola kuvomera kulakwa iwo asanafufuze. Tikapanda kuyankha pomwepo kuti cholakwa n'chathu, musaone ngati tikukuzembani.

Mtengo wa mapulani ukwera pang'ono, ndipo mitengo yatsopano ili pa pepala lomwe taphatikiza. Ntchito zomwe tinasainirana kale zipitirira pa mtengo wakale. Amene munasinthapo injini kapena kukhoma denga pa boti la pulani yathu, chonde tipezeni ku ofesi mwezi uno tidzalione.

Ndife anu pa ntchito,
Oyang'anira kampani