Ophunzira coding apite kaye kwa anthu asanayambe kupanga app

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yathuyi ndinenepo za maphunziro afupiafupi a coding (kulemba mapulogalamu a pakompyuta) aja akuti bootcamp, omwe achinyamata ambiri tikuthamangirako masiku ano. Ine ndangomaliza kumene ya miyezi itatu kuno ku Lilongwe, dzina lake sinditchula poti aphunzitsi ake anayesetsa ndithu, koma pali chinthu chimodzi chandikhala pamtima.

Mwezi womaliza anatigawa m'magulu a anthu asanuasanu kuti gulu lililonse lipange web app yakeyake. Ife tinasankha kupanga ya banki m'khonde, poti azakhali anga ndi mlembi wa gulu lina ku Area 25 ndipo ndimawaona mmene amavutikira ndi kope lija la hadikava chaka chikamatha, nthawi yogawana ndalama, wina akuti masheya anga mwandidula wina akuti chiwongola dzanja ndinabweza kale, mkangano mpaka mdima. Tinati basi izi tithana nazo ife.

Za ntchito ya pagulu ndiye ndisaname, tinaphunzira zambiri kuposa miyezi iwiri yoyamba ija. Awiri anatenga frontend, mbali imene munthu amaiona pa sikirini, za HTML, CSS ndi React ija anaitulutsa a Facebook mu 2013, awiri backend ndi database, mbali yobisika yosunga ndi kuwerengera zonse, ine anandipatsa yoyang'anira GitHub, malo a pa intaneti osungirapo code, kuti code ya aliyense izilowa bwinobwino. Ndinkaona ngati andipatsa yophweka eti. Tsiku lina anzathu awiri anasintha fayilo imodzi yomweyo osauzana, atapusha onse ku GitHub kunabwera merge conflict, kuwombana kwa zosintha zawozo, yoti tinakhala mpaka 11 koloko usiku tikuwerenga mzere ndi mzere kuti tisiye uti tichotse uti, magetsi nkuzima, laputopu imodzi batire yake yakufa kale imangoyaka ikakhala pa chaja. Ndipo musaiwale kuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 laputopu si chinthu chongogula, awiri mwa ife ankabwerekana imodzi. Linus Torvalds popanga Git, chida chomwe GitHub imagwiritsa ntchito, mu 2005 ankafuna yoti anthu ambirimbiri azilemba pulogalamu ya Linux osapondana, ife asanu okha tinapondana mpaka wina anatuluka pa gulu la WhatsApp masiku awiri, tinachita kukamupepesa kwawo.

Koma app inatheka. Yokongola kwabasi, ma graph oonetsa masheya, login ya email ndi password, tsiku la demo, loonetsa zomwe tapanga, anthu anaomba m'manja tinajambulitsa zithunzi.

Loweruka lotsatira ndinaitengera kwa azakhali pa msonkhano wawo. Akonzi, manyazi ndinachita tsiku limenelo sindidzaiwala. Choyamba azimayi ambiri pamenepo ali ndi foni zamabatani, ochepa omwe ali ndi za intaneti bandulo yawo ndi ya WhatsApp basi, ndiye tsamba lathu silinatseguke nkomwe. Nditayatsa hotspot yanga, lija funso la email linangowaseketsa, mayi wina anati "imeloyo ndiye chiyani mwanawe". Kenako msungichuma anandifunsa kuti chindapusa cha wochedwa pa msonkhano ndilemba pati, nanga thumba la zadzidzidzi lija amasonkha padera la maliro ndi matenda lili kuti. Munalibe. Sitinkadziwa nkomwe kuti ziliko. Ndipo chachikulu chomwe anandiuza azakhali nchoti bokosi lawo lili ndi maloko atatu makiyi amasunga anthu atatu osiyana, dala, kuti munthu mmodzi asamatsegule yekha, pomwe app yathu admin mmodzi akanatha kusintha ngongole ya aliyense ali chigonere kunyumba kwake popanda womuona. Iwo anaganiza kale za chitetezo kuposa ife a ma laputopu.

Ndiye pempho langa kwa onse oyendetsa maphunzirowa ndi lakuti sabata yoyamba ya project musamalole ophunzira kutsegula laputopu. Atumizeni kumsika, kuchipatala, kwa amakabaza, kwa aliyense amene akuti akumupangira chinthucho, akakhale pansi aone mmene ntchito imayendera ndi foni yomwe munthuyo ali nayo m'thumba. Pa demo muziitananso eni akewo adzayese okha, osati ife tokhatokha kuomberana m'manja. Ndipo muziphunzitsako za USSD (manambala aja oyamba ndi nyenyezi omwe timadina ngakhale pa foni zamabatani) ndi SMS osangoti React yokhayokha, inde ndikudziwa kuti ntchito zakunja zimafuna zimenezo ndipo tonse tikulota malipiro a madola, koma taonani M-Pesa ku Kenya inayamba mu 2007 pa foni wamba zomwezi, kuno kwathu Airtel Money ndi Mpamba agogo kumudzi amagwiritsa ntchito osafuna bandulo.

Pa gulu lathu lija atatu tikupitirizabe patokha, awiri anapeza zina zochita. Tachotsa email, munthu azilowa ndi nambala ya foni, ndipo ngongole siisintha pokhapokha anthu atatu avomereze. Azakhali akuti tikamaliza tibwere nayo adzaione, koma kope lawo la hadikava ati satisiyira mpaka adzagawane kaye mu Disembala.

Wophunzira coding,
Area 25, Lilongwe